Sopo Awiri Pansi pa Phazi

Ine ndine wamfupi, ndipo sindinkadandaula nazo mpaka chaka chimene bambo a Tamanda anadwala sitiroko. Kufupikaku ndinabadwa nako kwathu ku Mulanje, n'kuwoloka nako malire pokakwatiwa ku Milange. M'sitolo mwathu muli kabenchi kanga kokwerapo ndikafuna kutsitsa shuga pamwamba, ndipo kwa zaka zonsezi kabenchiko kankandikwanira.

Njinga yamoto ya amuna anga ndi ija yaitali ngati ya alangizi, ya matayala a manomano oyendera m'matope. Ndiyo inali miyendo ya sitolo yathu, kukatenga katundu ku Muloza ndi ku Mocuba. Matenda atawagwira, mkono ndi mwendo wakumanzere zinafooka, mawu n'kumatuluka limodzilimodzi. Njinga inangoima pakhonde. M'mawa uliwonse ankafuna tiwakhazike pafupi nayo, n'kumaipukuta thanki ndi dzanja lawo labwinolo. Anamwino anandiuza kuti odwala otere amachira akakhala ndi chowadzutsa m'mawa. Chowadzutsa amuna anga ndinkachidziwa, ndipo ngakhale zimandiwawa kunena, sichinali ine.

Lamlungu lina kunabwera alamu anga a Afonso, akulu awo a bambo a Tamanda, ochokera ku Molumbo. Atamwa tiyi anaizungulira njinga ija kawiri.

"Kunyada, mota ikangokhala imafa," anatero. Kunyada ndi mmene amaitanira mlamu wamkazi m'Chipwitikizi. "Kwathu nyemba zikufumbwa m'nyumba kusowa chonyamulira. Ndiitenge ikagwire ntchito."

Sankanama, komanso si munthu wankhanza. Koma ndinaona dzanja la amuna anga litasiya kupukuta.

"Ndiziyendetsa ine, alamu," ndinatero. Tinjinga ting'onoting'ono tija ndinkayendetsa kale, chiphaso ndili nacho.

A Afonso anaseka mpaka kutsokomola. Anaigwira njingayo kuti ndikwere, ndipo nditakhala pampando miyendo inangoti lendelende. Analowa m'sitolo, n'kutulukamo ndi sopo wochapira. Anaika mmodzi pansi pa phazi langa lakumanzere, sindinafike. Anasanjikiza wachiwiri, phazi n'kukhazikika.

"Mwaperewera sopo awiri," anatero. "Ndibweranso Lamlungu likudzali. Mukadzaponda pansi popanda sopo, mota ikhala. Apo ayi ndipita nayo, ndipo pasadzakhale kukwiyirana. Puronto? Tamvana?"

Ndinavomera chifukwa cha mkwiyo, nzeru ndinalibe. Nzeru inabwera Lachiwiri, nditakumbukira mphunzitsi wina wa ku Quelimane amene anaimapo pasitolo kugula madzi. Njinga yake inali yamtundu womwewu, koma ya mawilo ang'onoang'ono onenepa, matayala osalala a pa tala. Anati amatcha supamoto: umachotsa malimu aakulu a m'tchire, zitsulo zozungulira zovekapo matayala zija, n'kumanga malimu a mainchesi 17 pa mahabu omwewo a pakati pa wilo, njinga n'kutsika komanso kusiya kunjenjemera pa tala. Anati amisiri ake ali ku Limbe. Mphunzitsiyo sanali wamtali kuposa ine.

Lachitatu mesitiri, makanika wa pafupi ndi msika, anabwera kudzamasula mawilo onse awiri, njinga n'kuikhazika pa kireti ya zakumwa. Amuna anga anaiyang'ana nthawi yaitali ili chomwecho. Ndinawafotokozera zonse. Lachinayi m'mawa ndikuwasiya m'manja mwa a Dona Rosa, anzanga a sitolo yoyandikana nafe, amuna anga anangoti, "Mu... bwere... nawo."

Ndinanyamuka ndi mawilo awiri, kachikwama, ndi sopo awiri aja nditawakulunga m'chitenje. Za masentimita ine sindizikhulupirira, ndinkafuna mmisiriyo akaone yekha.

Kuchoka pa vila, m'tauni ya Milange, kufika pa malire ndinakwera kabaza, mawilo ali pa kabaza ina kutsogolo, ndipo njira yonse maso anga anali pa mawilowo. Pamalire anyamata onyamula katundu anandiunjirira, aliyense akukoka wilo lake, mpaka ndinachita kukalipa m'zinenero zitatu. Bambo wa pa kasitomu anawayang'ana mawilowo, n'kundiyang'ana ine.

"Mayi, njingayo yatsogola kapena ikubwera m'mbuyo?"

"Yatsala kunyumba, bwana. Izi ndi nsapato zake, ndikukasinthitsa saizi."

Anaseka, n'kundilembera kapepala kosonyeza kuti ndatuluka ndi mahabu awiri akale, kuti pobwera pasadzakhale mkangano. Ndinawoloka mlatho wapansi, wilo lina pamutu, lina ndikuligubuduza.

Ku Muloza ndinasintha mametikali, n'kulowa m'minibasi imene inkaoneka yotsala pang'ono kudzaza. Zaka zonsezi ndikuyenda njira imeneyi, koma ndinapusitsidwabe. Theka la anthu anali ongokhalamo kuti tikopeke, ndipo wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete ngati wakumbukira kanthu. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kufika pamutu. Kondakitala anafuna kuti mawilo alipire mpando wawo. Ndinamufunsa ngati mawilowo adzatsamira kapena kutsegula windo. Tinamvana kuti akhale kumbuyo pamodzi ndi matumba a zinanazi, chitseko n'kuchimanga ndi chingwe poti sichinkatsekeka.

Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire, wamfupi ngati ine, wa jekete yotuwa. Anati anali mlangizi wa zaulimi, ndipo njinga zazitalizi anayenda nazo mpaka kupuma ntchito. Nditamuonetsa sopo uja sanaseke, ndipo pa chifukwa chimenecho ndinamukonda.

"Ine inandigwetsa chaka chathunthu," anatero. "Ndikaima pamsonkhano, alimi ankayamba andidzutsa kaye ndisanawaphunzitse za manyowa. Mayi, musamafune mapazi onse awiri. Limodzi lokha lakumanzere, koma lipondetu lonse, osati chala. Linalo likhale pa buleki."

Mayi wina wa kumbuyo kwathu, amene anali ndi beseni la tomato pamiyendo, analowererapo kuti mkazi wamkulu ngati ine kukwera chinjinga chotero n'kufuna kuonetsa anthu zamkati. Ndinamuuza kuti buluku ndili nalo, ndipo chitenje chimakhala pamwamba. Wina anati bwanji osangogulitsa n'kugula kakang'ono. Funso limenelo linali lanzeru, ndipo ndinalephera kuliyankha bwino. Ndinangoti kakang'onoko amuna anga sangakapukute. Kenaka mayi wa tomato uja anandipatsa nthochi.

Tinadutsa Limbuli, minda ya tiyi, Mulanje boma. Pa Chitakale tinaimanso nthawi yaitali kudikira anthu atatu amene sanabwere. Tsoka linatipeza pa Nkando. Dalaivala anakwera hampu osachepetsa liwiro, chingwe cha kumbuyo chinaduka, chitseko n'kuyasama. Zinanazi zinamwazika pamsewu, ndipo ine potembenuka ndinaona wilo lakutsogolo, lalikulu lija, likuthamanga lokha kubwerera ku Mulanje.

"Imani! Imani, wilo langa!"

Ndinatsika minibasi isanaimitsitse. Wilo linadumpha ngalande, linaphonya mayi wokazinga chimanga, n'kukawomba mtengo wa mango. Pamene ndinkafika, limu linali litapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, anthu akuona. Sindinkalirira chitsulo. Ndinkaona nkhope ya amuna anga ndikuwauza kuti njinga yawo ndaipha ndi manja anga.

Alangizi aja anafika akupuma wefuwefu. Anagwada, analowetsa chala pakati pa habu, n'kuzunguza.

"Mukulira chiyani? Limu limeneli si limene mukukataya? Habu ili bwinobwino, imveni, ilibe ndi phokoso lomwe."

Ndinapukuta misozi mwamanyazi. Kondakitala, amene tsopano anali waulemu ngati mkamwini watsopano, anaika mawilo onse awiri pampando wake, iye n'kuyenda chowerama pakhomo mpaka ku Limbe. Alangizi anatsikira pa Bangwe. Ali kale pansi anagogoda windo n'kukuwa kuti, "Sitandi! Musaiwale sitandi!" Minibasi inanyamuka ndisanafunse kuti sitandi yatani.

Mmisiri wa mawilo ndinamupeza madzulo, kuseri kwa msika wa Limbe, m'kashedi ka malata. Anali a Saidi, bambo a ndevu zoyera, osalankhula zambiri. Ndinawauza kuti ndadzivutitsa kunyamula mawilo athunthu pamene akanangofuna mahabu okha.

"Mwachita bwino," anatero. "Amene amadula masipoko kunyumba amandibweretsera mutu. Ndiyenera kuyeza kaye kuti limu linakhala motani pa habu, apo ayi tcheni chidzadya tayala."

Anagoneka chitsulo chowongoka pa wilo lililonse, lopindikalo n'kuliyeza mbali imene inapulumuka, manambala n'kulemba pakhoma ndi choko. Ndinamasula chitenje n'kusanjikiza sopo wanga patebulo. Anamuyeza ndi tepi mosaseka, ngati ndi zimene aliyense amabwera nazo.

"Mawilo anga akuchotserani sopo mmodzi," anatero. "Mwina ndi kachidutswa. Awiri ayi, ndisakunamizeni."

Ndinafunsa ngati palibe malimu ang'ono kuposa amenewo. Anati alipo, a wilibala. Kenaka anawerenga mabowo a habu yakumbuyo n'kupukusa mutu: anali 32, pamene malimu onse a m'shedimo anali a mabowo 36. Anaimba foni kwa mnzawo wa zitsulo zakale ku Ndirande, amene anati afufuza mawa.

"Ndidule kapena ndisadule?" anandifunsa, pulayala ili m'manja. "Ndikadula, kubwerera kulibe."

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Ndinadziwa kuti ndikalephera, alamu adzatenga njinga ya matayala osalala imene ku Molumbo singayende ngakhale mvula ya tsiku limodzi. Ndikanawalanda amuna anga, n'kuwalandanso alamu. Ndinachita mantha kwambiri. Koma sopo mmodzi ndi theka la ulendo, ndipo kunyumba kunalibe chimene chikanandichotsera ngakhale theka limenelo.

"Dulani," ndinatero.

Ndinagona kwa mng'ono wanga ku Bangwe. Lachisanu lonse linathera pa benchi ya a Saidi. Wilo lakutsogolo analimanga m'mawa, sipoko imodziimodzi, kufupikitsa iliyonse n'kuidulira mazinga ndi kamakina kopukusa pamanja. Masana anatseka shedi kupita ku mzikiti, ine n'kutsala panja ndikudya chinangwa chokazinga, maso ali kunjira ya ku Ndirande. Munthu aliyense wonyamula chinthu chozungulira ndinkamuimirira. Wina anali ndi sefa, wina chivundikiro cha mgolo. Ndinaimbira a Dona Rosa, amene anati odwala akana phala, ndipo akhala tsiku lonse pafupi ndi kireti ija.

Limu linafika dzuwa litapendeka, lakuda ndi dzimbiri la pamwamba, koma lowongoka. Ndinawerenga ndekha mabowo katatu.

Loweruka m'mawa a Saidi anamanga wilo lakumbuyo. Ankalizunguza pa chimango, choko chili pafupi ndi limu, n'kumamanga apa, kumasula apo, mpaka choko chinasiya kukhudza. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa, poti chipata cha malire sichidikira munthu. Pofika poveka matayala, tayala lakumbuyo linakana kulowa. A Saidi anayang'anayang'ana m'shedi, kenaka anatambasula dzanja.

"Bweretsani sopo mmodzi. Ameneyu ndi wanga, ndamugwirira ntchito."

Anamunyowetsa, anapaka m'mphepete mwa tayala, tayala n'kulowa ngati likudziwa kwawo. Wotsalayo anandibwezera m'manja.

"Uyu ndi wanu. Mpando uli ndi siponji yambiri, koma mpando uli ndi mwini wake."

Ndinamva kuti ankatanthauza kucheka siponjiyo, ndipo ndinadziwa kuti n'zosatheka. Mpando umenewo amuna anga anaukuta okha ndi chikopa chimene anakagula ku Mocuba, ndipo ngakhale Tamanda ali mwana sankaloledwa kuseweretsapo. Sindikanawapempha zimenezo pamwamba pa mawilo amene ndinali nditawadula kale.

Pobwerera ndinalipira mipando iwiri popanda kukangana, mawilo ali pambali panga, dzanja langa lili pa masipoko njira yonse. Pa Chitakale tinasinthitsidwa minibasi, pa Limbuli dalaivala anatsika kukagula nyama. Ndinafika pa Muloza akukonzekera kutseka, ndipo mlatho ndinauwoloka chothamanga. Bambo wa pa kasitomu uja anaona kapepala kake, anandiwerengera msonkho wa malimu ndi matayala, n'kunena kuti nsapatozo zakongola koma zaoneka za mwana.

Lamlungu tinapita ku Misa yoyamba, ndipo pobwera mesitiri anali atayamba kale kumanga. Anabwezera mbale ya buleki ndi sipuloketi, anakoka tcheni, anachotsa kireti. Njinga inaima pa mawilo ake atsopano, yowerama pang'ono kutsogolo. Amuna anga anaiyang'anitsitsa. A Afonso anafika nthawi yomweyo, ndipo ataona matayala anagwira m'chiuno.

"Kunyada, mwatani? Matayala osalala ngati dazi! Amenewa ku Molumbo angadutse mlatho woyamba?" Anapitiriza m'Chilomwe, ndipo ndinathokoza kuti Chilomwe changa n'choperewera.

"Tinapangana za phazi, alamu, osati za matayala."

Anaigwira njinga, ndinakwera. Ndinatambasula mwendo wakumanzere mpaka msana kuwawa. Chala chachikulu chinkangonunkhiza fumbi. Ndinasendera mbali monga anandiuzira alangizi, chala chinagunda pansi, koma njinga itapendekeka pang'ono sindinathe kuigwira. A Afonso akanapanda kulimbitsa mkono ndikanagwa nayo. Ndinaika sopo wotsala uja pansi, phazi n'kukhazikika bwinobwino. Aliyense anaona, ndipo alamu sanaseke.

Ndinatsika, ndikulimbana ndi misozi. Ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndinene kuti itengeni, pamene kumbuyo kwanga kunamveka mawu.

"Mpe... ni."

Tonse tinatembenuka. Amuna anga ankaloza m'sitolo.

"Wa... buledi."

Ndinakautenga. Analoza mpando, mesitiri n'kuumasula, kuchotsa timisomali ta pansi, ndi kusenda chikopa chija mosamala. Amuna anga anauika pamiyendo pawo. Anatenga sopo, anamugoneka m'mbali mwa siponji pamalo pokhala woyendetsa, n'kulemba mzere ndi bolopeni motsatira kunenepa kwake. Pamalopo panali kale dzenje la thupi lawo, la zaka zonse zimene anayenda pa njingayo. Anayamba kucheka, koma ndi dzanja limodzi mpando unkangotsetsereka. Unagwa pansi kawiri. Ndinafuna kuthandiza, anandiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa, ndinabwerera.

Amene anagwada anali a Afonso. Anaugwira mpandowo ndi manja awiri pa mawondo a mng'ono wawo, mutu uli pansi. Amuna anga anacheka pang'onopang'ono, thukuta likutsika, mpaka chidutswa cha siponji chinagwa. Mesitiri anasalaza ndi sandipepala, anakokanso chikopa, n'kubwezera mpando.

Nditakweranso, phazi langa lakumanzere linaponda pansi lonse, chidendene chomwe. A Afonso anachotsa manja awo n'kuwakweza m'mwamba kuti aliyense aone. Njinga inali m'manja mwanga ndekha, ndipo sinagwe. A Dona Rosa analuluta mpaka anthu ochokera ku tchalitchi anaima pamsewu.

Mwachimwemwe ndinatsitsa sitandi n'kudumpha. Njinga inaima chilili kamphindi, kenaka inayamba kugwera mbali inayo. Apo m'pamene ndinamva zimene alangizi ankakuwa pa Bangwe: njinga yatsika, koma sitandi ikadali yaitali. A Afonso anaiwakha ndi ntchafu, akutukwana m'Chipwitikizi.

"Mesitiri, mawa mudule chitsulo ichi," anatero akudzisisita. "Muyeso wake mukuudziwa." Anatola sopo uja n'kuponyera mesitiri. Kenaka anandiyang'ana. "Nanga nyemba zanga, kunyada?"

"Muzizifikitsa pamene payambira tala, alamu. Kuchokera pamenepo ndi ine."

Anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu. Ndinaliza injini kuti ndikaiyese mpaka pamphambano, koma amuna anga anali atagwira kale ndodo yawo, akulimbana kuti aimirire. Miyezi yonseyi sanaimirirepo popanda kuwakakamiza. Tinayesa kuwaletsa, osamva. A Afonso ndi mesitiri anawanyamula n'kuwakhazika kumbuyo kwanga, anawaveka chipewa chawo, phazi lofookalo n'kuliika pa chopondera. A Dona Rosa anatimanga pamodzi m'chiuno ndi chitenje, dzanja lofooka lija n'kulilowetsa m'kati mwa mfundo.

Ndinayenda pang'onopang'ono. Pa tala njinga inkangoyandama, kulira kwa manomano kuja kulibe. Pamphambano panatulukira lole ya chimanga, ndipo ndinayenera kuima. Ndinaponda buleki, ndinatsitsa phazi. Kulemera kwa njinga ndi kwa amuna anga kunabwera konse pa mwendo wanga waufupiwu, ndipo mwendowo unagwira. Lole inadutsa. Ndinayatsa chizindikiro chobwerera kunyumba, koma dzanja lawo labwino linandigogoda paphewa.

"Ku... Muloza," anatero pafupi ndi khutu langa. "Shuga... watha... m'sitolo."

Linali Lamlungu, ogulitsa shuga onse anali atatseka, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine. Ndinazimitsa chizindikiro chija n'kulunjika ku Muloza.